Zopondera za Eneya

Tsiku limene Eneya anagwa ndi njinga yamoto pamsika ku Mkhumba, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anthu a ndevu zawo, kuseka mwana wamasiye ali gada m'fumbi.

Njingayo inali ya bambo ake, yofiira, yaliwiro, ija woyendetsa amachita kuwerama ngati akupalira. Anabwera nayo kuchokera ku Joni. Napolo wa 1991 atakokolola makolo a Eneya, njinga inapulumuka poti inali kwa makaniko. Eneya naye anapulumuka, koma mwendo wamanzere unathyoka n'kupola chopindika. Bondo silinkawongoka.

A Dickson, ang'ono awo a malemu bambo ake, anatenga njingayo misozi isanaume. "Ndikukusungira," ankatero. Anasungadi, zaka ndi zaka, mwini wake akugona m'khitchini. Eneya atakula n'kuiitanitsa, iwo anaitulutsa pagulu.

"Ukaiyendetsa mpaka pamlatho, ndi yako. Ukalephera, ndiigulitsa kwa kalaliki wa kuboma anthu akakolola."

Nkhanza zenizeni. Ankadziwa bwino kuti phazi la mnyamatayo silifika pachopondera, pamene pali giya. Eneya anakwera, phazi linasakasaka m'malere, njinga inamugwetsa.

A Sitima, owotcherera zitsulo pamsikapo, sanaseke nawo. "Nthawi yokolola sinakwane," anatero. "Njinga ikhale kwa ine, mwanayu ayeserenso." A Dickson anavomera chifukwa cha manyazi basi.

Eneya sanalire. Anali ndi mkwiyo woopsa. M'mawa mwake anakhala panjinga ili chiimire, n'kusiya mwendo ugwere pomwe ukufuna. Phazi linkathera kumbuyo, m'mwamba pang'ono.

"A Sitima, mwendowu sungapite kuchitsulo. Chitsulo ndiye chibwere kumwendo."

"Ndiye tenga sowo, mphwanga. Ine sindidulira munthu wa manja awiri."

Anadula zitsulo za ngolo yakale, anaboola, anamanga mabawuti. Zopondera zoyamba zinathyoka atangoponda. Zachiwiri zinayandikira paipi ya utsi, n'kumuwotcha kakolo mpaka matuza. Odutsa ankamufunsa ngati akukonza njinga ya olumala. Iye ankangoluma mano.

Zachitatu zinagwira. Anazisunthira kumbuyo ndi m'mwamba mbali zonse, kuti thupi lisapendekeke. Anazisema mano kuti nsapato isamaterereke m'matope, ndipo giya analumikiza ndi kandodo kachitsulo, moti kungogunda ndi chala inkalowa. Mawondo anakumbatira thanki bwinobwino. Pokhota, chopondera sichinkakhulanso pansi. Anayeserera kubwalo la mpira mpaka chimanga chinauma m'minda.

Tsiku la mayeso a Dickson anabwera ndi kalaliki wawo, wogula ali chire. Eneya analiza injini, analowetsa giya, fumbi koboo. Anafika pamlatho, anakhota osatsitsa phazi, n'kudzaima pamphuno pawo.

"Waiwononga njinga," anatero a Dickson. "Ndani angagule chinthu chotere?"

"Palibe, bambo. Ndi yokwana ine ndekha."

Kalaliki anachoka osatsazika.

Kuyambira chaka chimenecho Eneya anayamba kuthamangitsa nsomba zaziwisi kuchokera ku Chilwa, n'kumafika nazo kumisika zisanafewe. Anatuluka m'khitchini muja, anamanga nyumba yake ya malata. Mwendo sunawongoke mpaka pano, ndipo sapepesa kwa munthu.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali wina wakukhalirani pa chanu, akudikira kuti mugwe anthu akuona. Ipsani mtima, ndi ufulu wanu. Koma mkwiyowo musauthere pakhonde n'kutukwana. Pitani nawo pomwe pali sowo ndi chitsulo. Zikathyoka dulani zina, musagwe mphwayi, mpaka chanucho chikukwaneni.