Fungo la Nkhungu M'galimoto ya Mayi

Dzina lakuti a Kansalu linachokera ku kansalu kachikasu kamene sikankachoka m'thumba lawo lakumbuyo. Akaima pamphambano kudikira kuti magetsi asinthe, kansalu katuluka kale, akupukuta chiwongolero. Mbalame ikagwetsera chitosi pa boneti, ankatsika ngakhale pakati pa msika. Ntchito anaiyamba ali mnyamata, akutsuka mabasi asanu ndi atatu pa tsiku, ndipo laisensi anaipeza ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mabasi omwewo anawayendetsa zaka zisanu ndi ziwiri. Kenako analembedwa udalaivala panyumba ya bambo wina wa sitolo ya nsapato, ndipo anakhalapo zaka makumi awiri ndi zitatu osagundapo ngakhale nkhuku.

Bwanayo atamwalira, panatsala zinthu ziwiri zowasunga a Kansalu pantchito: akazi a malemu, amene aliyense ankangowatchula kuti Mayi, ndi galimoto yakale yotuwa imene malemuwo anagula ili yatsopano. Maulendo anali ochepa, Lachiwiri kuchipatala, Lachisanu kumsika, Lamlungu kutchalitchi. Koma ntchitoyo inkabwera ndi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu, mmene a Kansalu ndi akazi awo analereramo ana atatu mpaka onse kuuluka. Mwana wa Mayi, amene kale a Kansalu ankamupititsa kusukulu mamina ali m'mphuno, tsopano anali abwana aang'ono, ndipo chaka chilichonse ankabwera ndi nyimbo imodzimodzi: galimotoyi igulitsidwe, masiku ano munthu amangoitana takisi pafoni.

"Bambo ako anandisiyira galimoto ndi munthu woiyendetsa," ankayankha choncho Mayi. "Udzagulitse ine nditapita."

Chaka chimenecho mvula inayamba msanga ndipo inagwa ngati yakwiyira wina. Mlungu wachiwiri, Mayi analowa pampando wawo wakumbuyo, kumanzere, n'kukwinya mphuno.

"Adalaivala, mwayamba geni yonyamula agalu onyowa kodi?"

A Kansalu anaseka nawo, koma atabwerera kunyumba anagwada n'kugwira kapeti pamene Mayi amapondapo. Inali itamwa madzi ngati siponji. Anaipukuta, n'kusiya zitseko pululu masana onse. M'mawa mwake inali yonyowanso. Anagula tonunkhiritsa tiwiri n'kutipachika pagalasi, koma fungo la maluwa linangokwatirana ndi la nkhungu n'kubala lina loipa kuposa onse awiri. Posakhalitsa Mayi anayamba kutsokomola, chifuwa chouma chokana mankhwala, ndipo dokotala anafunsa ngati amakhala malo achinyezi.

Lamlungu masana abwana aang'ono anabwera. Sanalowe m'nyumba. Analunjika pagalimoto, n'kutukula labala wopondapo, ndipo pansi pake panali bii, timadontho toyera tili apa ndi apo.

"Madala, ichi n'chiyani? Mwayamba ulimi wa bowa?"

"Madzi akulowa penapake, bwana. Ndikufufuza."

"Mukufufuza milungu itatu, mayi anga akupuma zimenezi? Ndakupatsani mpaka Loweruka. Ndikadzapeza muli monyowa, galimoto ikupita. Sindikufuna kuchita kukufotokozerani tanthauzo lake."

Mayi anali pakhonde. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe monga mwa masiku onse, koma chifuwa chinawatsogolera.

Lolemba a Kansalu anayala manyuzipepala pansi ponse m'galimotomo kuti aone mbali imene iyambe kunyowa. Inayamba ya Mayi, kenako yakutsogolo. Lachiwiri Mayi anapita kuchipatala pa takisi, ndipo a Kansalu ndi amene anawatsegulira geti. Takisiyo itakhota, anaitana akazi awo, n'kuwapatsa payipi ya madzi, iwo n'kudzitsekera mkati, maso ali kudenga.

"Thirani padenga!"

"Ndathira!"

"Tsopano pagalasi lakutsogolo. Ayi, kumanzereko!"

"Kumanzere ndathirako kuyambira m'mawa, abambo. Kodi tikuthirira dimba?"

Sipanadonthe ngakhale dontho limodzi iwo akuyang'ana. Anafufuza m'buti, m'mbali mwa magetsi akumbuyo, pansi pa chiwongolero: monse gwaa. Koma patapita ola, nyuzipepala yapansi inali itanyowa, ngati madziwo akutumphuka pansi ngati kasupe. Lachitatu anasintha labala wa m'mphepete mwa chitseko cha Mayi. Lachinayi anamata silikoni kuzungulira magalasi onse, machubu awiri athunthu, mpaka zala zinachita kukakamira. Tsiku lomwelo kunagwa mvula ya maola atatu. Lachisanu m'mawa anafinyira madzi a m'kapeti m'kapu ya tiyi: makapu awiri ndi theka. Lolemba lapitalo anali makapu awiri okha.

Apa m'pamene anameza manyazi n'kupita kwa alamu awo, achimwene a akazi awo, amene anali ndi galaja yowongola magalimoto ophwanyika. Awiriwa sankamwerana madzi kwenikweni, chifukwa alamuwo ankakonda kunena pagulu kuti mlongo wawo anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wa matayala anayi.

"Alamu! Lero mwabwera ndi akuluakulu? Aang'ono mwawasiya akuchapa?"

"Siyani zimenezo. Ndili pamoto."

"Pamoto kapena m'madzi? Fungo lake ndalimva musanakhote pageti."

A Kansalu anayamba kufotokoza za denga, za magalasi, za buti, koma alamu sanayang'ane n'komwe kumwamba. Anatsegula chitseko cha Mayi n'kuyamba kuchikankha uku ndi uku, khutu lili pafupi. Mkati mwa chitsulomo munamveka madzi akugavira ngati m'chigubu chosadzaza. Alamu anagwada, n'kuyendetsa chala kunsi kwa chitsekocho, ndipo chikhadabo chinakola kanthu kotuwa kofewa. Anatenga waya n'kubaya. Madzi ofiira ndi dzimbiri anathamanga ngati atsegulidwa pampopi.

"Bweretsani beseni ilo!"

Chitseko chilichonse chinali ndi timabowo titatu kunsi kwake, ndipo tonse khumi ndi tiwiri tinali tomatidwa. Zitseko zinayi zinatulutsa madzi pafupifupi malita asanu, ndipo theka lake linachoka m'chitseko cha Mayi chokha.

"Koma pali anthu ena anzeru padziko pano," anatero alamu akupukuta manja. "Ndani anamata apa? Taonani kusalala kwake, ngati wopaka keke. Ameneyu ndikufuna ndimuone nkhope."

A Kansalu anakumbukira bwinobwino. Munali m'chilimwe, fumbi lili tolo, pamene Mayi anadandaula kuti diresi lawo loyera likumafika kutchalitchi litafiira m'munsi. Iwo anagona pansi pa galimoto masana onse kufunafuna polowera fumbi, mpaka anapeza timabowoto. Anaganiza kuti ndi dzimbiri layamba kudya chitsulo. Anatimata ndi silikoni kamodzikamodzi, n'kusalaza ndi chala chonyowa kuti pasaoneke. Lamlungu lotsatira Mayi anati fumbi lachepa, n'kuwayamikira pamaso pa amayi anzawo, ndipo tsiku limenelo a Kansalu anayendetsa galimoto akuimba mluzu.

Alamu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa.

"Ayi. Alamu, ayi. Inuyo?"

"Ndimatseka fumbi."

"Chitseko chilichonse chimamwa madzi, alamu, labala kaya akhale wa dzulo. Mvula imatsetsereka pagalasi n'kulowa mkatimu. Timabowoti ndiye pokodzera pake. Inu mwamutseka mnzanu pokodzera miyezi isanu, mumati akataye kuti? Chikadzaza chimasefukira mkati, pansi pa kapeti. N'chifukwa chake simumaona kudontha."

Ntchito yotsegula timabowo tonse inatenga mphindi zosakwana khumi. Koma alamu atatukula kapeti, kuseka kunatha. Chinsalu chokhuthala chapansi pake chinali chitawola, chikung'ambika m'manja ngati buledi wonyowa, ndipo chitsulo chapansi chinali chitayamba kufiira. Anati pafunika kuchotsa mipando yonse, kutaya chinsalucho, n'kuyanika kapeti padzuwa masiku atatu. Onse awiri anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itatsika mpaka pamadenga a nyumba.

"Tamverani," anatero alamu, mawu atatsika. "Mukanene kuti anali labala wakale. Ine ndikuikirani umboni. Labala sayankha."

Masana onse anachotsa mipando, kutaya chinsalu chowolacho ndi kupukuta chitsulo mpaka mikono inachita dzanzi. Loweruka m'mawa mvula inagwanso, koma m'galimoto simunalowe dontho. Fungo lokha ndi limene linakana kusamuka.

Abwana aang'ono anafika cha m'ma teni. Anagwira kapeti, n'kununkhiza chala. Inali ya chinyezi, koma yosafinyika. Anaoneka ngati munthu amene wabwera ndi mkwiyo n'kusowa pouika.

"Ndiye mwalipeza vuto? Chinali chiyani?"

Mawu akuti labala anali kale pa lilime. Koma Mayi anali pakhonde, atafunda shawelo, botolo la mankhwala lili pambali, akuwayang'ana ndi maso omwe aja amene ankawayang'ana nawo pagalasi lam'kati akafunsa ngati njira ili bwino kutsogolo. Zaka zonsezo a Kansalu anali asanawanamizepo Mayi, ngakhale tsiku limene anachedwa chifukwa chogona pabenchi yachipatala. Anavula chipewa n'kufotokoza zonse: fumbi, diresi, timabowo khumi ndi tiwiri, malita asanu.

Abwana aang'ono sanakalipe. Anangoseka kamodzi, kuseka kopanda mano.

"Ndiye kuti mayi anga adwala chifukwa cha manja anu?"

"Eya, bwana."

"Zaka makumi atatu muli pa chiwongolero, osadziwa kuti chitseko chili ndi potulukira madzi?"

"Ndinali ndisanaonepo, bwana. Ndimapukuta pamwamba."

Onse awiri anatembenukira kukhonde. Mayi anakonza shawelo paphewa.

"Munkanditeteza ku fumbi, adalaivala. Ndikudziwa." Chifuwa chinawagwira, n'kuwapinda mpaka misozi. Chitawasiya anayang'ana mwana wawo. "Ine ndatopa, mwananga. Chita zimene ukuona."

Galimoto inapita Lachitatu, ndi bambo wina amene sanafunse n'komwe za fungo chifukwa ankafuna yonyamulira mazira. Zipinda ziwiri zija abwana aang'ono anati zifunika kupentedwa mwezi ukatha, ndipo a Kansalu atawerenga pakalendala anapeza masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Anayenda m'maofesi anayi ndi laisensi yawo yopanda banga. Konse ankayamba ayang'ana imvi, kenako n'kuwauza kuti asiye nambala ya foni.

Alamu anatulutsa matayala akale m'kachipinda ka kuseri kwa galaja, n'kunena kuti angakhalemo mpaka zinthu zitayenda. Sanaponyepo nthabwala, ndipo zimenezo zinawawa kuposa nthabwala. A Kansalu anapita ndi chingwe kukayeza khoma, n'kubwera kudzayeza bedi limene anagula chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa. Anayeza kawiri. Bedi linatalika ndi zala zinayi.

"Ndiye titani?" anafunsa akazi awo, atanyamula katoni ya mbale.

"Kapempheni sowo kwa achimwene anu."

Akazi awowo anaika katoniyo pansi pang'onopang'ono, kuti mbale zisagundane, n'kukhala kumiyendo kwa bedilo, mbali imene inkayenera kudulidwa.