Kiyi anali m'chikwama mwanga

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko kunali kugona. Amayi a kumpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, ena akusinza pamphasa pafupi ndi bokosi la achimwene anga. Kunja chiperoni chinkawaza, nkhuni zonyowa zikungofuka utsi. Pofunafuna mpango m'chikwama, dzanja langa linakhudza kakiyi.

Ine ndi achimwene tinkagwira ntchito pasitolo ina yaikulu ku Limbe, iwo kosungira katundu, ine mu ofesi. Chaka chatha abwana anagula makina odzutsa mtima ukaima mwadzidzidzi, n'kuwaika m'kabati yapakhoma. Anati aliyense angawagwiritse ntchito, poti makinawo amakuuza okha chochita. Koma ine, poopa a zala zazitali, ndinaikapo loko. Ndinkadziyesa wosamala, chitsiru ine.

Lachiwiri ananditumiza m'tauni, kiyi ali m'chikwama. Achimwene anagwa pakati pa makatoni. Anzawo anawakupiza, anawathira madzi. Kabati ankaiona, koma ndani angathyole loko pa katundu wa abwana? Pofika kuchipatala zonse zinali zitatha.

Pofika ma teni anthu anali atadzaza mpaka mumsewu. Abwana anakhala pakati pa azibambo, atazyolika. Amalume pofotokoza za imfa anati mtima unangoima, panalibe chimene munthu akanachita, ndipo anthu anagwedeza mitu. Anzanga a kuntchito ankandizemba maso. Ndinalakalaka mmodzi atangonditukwana.

Kumanda tinayenda m'matope, nyimbo ikuduka pachitunda. Adzukulu anakwirira mwachangu chifukwa cha mvula. Alamu anga, akazi a malemu, ataika nkhata anafooka, ndipo ndine ndinawagwira. Anatsamira pa ine osadziwa kanthu.

Madzulo anthu anabalalika. Mipando inali idakali panja, pabalaza titatsala awiri, ine ndi alamu. Ndinatulutsa kiyi uja, n'kumuika pamphasa, ndipo ndinawauza zonse. Anayang'ana kiyiyo, n'kundifunsa:

"Akanachira, alamu?"

"Sindikudziwa."

"Inenso sindidzadziwa," anatero, akukankhira kiyi uja kwa ine. "Mawa mukatsekule kabati ija. Lokoyo mukataye. Kuli amuna a anzanga kumeneko."

Anadzifunditsa chitenje n'kutembenukira kukhoma. Ine ndinakhala pomwepo, kiyi ali m'manja, madzi akudontha padenga.