Jekete ya Agogo a Pansi

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ine ndi amayi tinkakhala ku Thamesmead, kudziko la Angerezi, m'nyumba yosanja. Pansi penipeni pankakhala bambo wina wachizungu, wokalamba kwambiri, yekhayekha. Ife tinkawatchula kuti agogo a pansi. Mwana wawo wamkazi ankakhala kutali, kumpoto kwa dziko, ndipo atamva kuti amayi amagwira ntchito yosamalira okalamba, anawapempha kuti aziwazonda m'mawa ndi madzulo. Masiku amenewo ndinkalemba chilichonse m'kope langa, n'chifukwa chake zambiri ndikuzikumbukirabe.

Nyengo yotentha agogo ankasamba okha. Ankaiwalaiwala, koma sankavuta. Kuzizira kutangoyamba mu Novembala, anasiya kuvula. Ankagona ndi jekete, majuzi awiri ndi nsapato. Amayi akawathirira madzi m'bafa, ankangopukusa mutu atagwira kolala. Patapita milungu itatu fungo linayamba kumveka pakhomo. Mwana wawo anabwera, n'kuuza amayi kuti Khirisimasi ikafika bambo ake asanasambe, awapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Agogo ankaiopa nyumbayo. Akazi awo anamwalirira komweko.

Amayi anaganiza kuti ndi manyazi.

"Kuntchito ndimasambitsa azibambo, inde," anandiuza, "koma awa timapatsana moni pamasitepe. Angavule bwanji pamaso panga? Ku famu kwathu ku Zimbabwe, bambo wamkulu amasambitsidwa ndi mwamuna mnzake."

Choncho anapempha mkulu wa mpingo wathu wa ku Peckham. Anabwera Lamulungu titaweruka, atavala suti yakuda, thaulo lili pamkono. Agogo atawaona anadzuka pampando n'kuwachitira sawatcha. Akuluwo anawapempha mwaulemu kuti avule jekete.

"Bwana, lamulo mukulidziwa," anayankha agogo, osatsitsa dzanja.

Akuluwo anayesa kachiwiri, kachitatu, osatheka. Anamwa tiyi, anapemphera, n'kutsanzika. Pakhomo anati, "Mayi, bambowa ndi oyera mumtima. Zinazo Mulungu aona."

"Mulungu aona," anatero amayi, "koma mwana wawo anunkhiza."

Mawu aja onena za lamulo anandikhala mumtima. Koma mwana safunsa munthu wamkulu chifukwa chimene sakusambira. M'kope ndinalemba masiku atatu otsatizana kuti mawa ndifunsa. Lachinayi amayi anachedwa kuntchito, ndipo anandiimbira foni kuti ndiwaperekere agogo supu ndikachoka kusukulu. Ndinawapeza pazenera, akuyang'ana kumene kuli mtsinje. Ndinaika mbale patebulo, ndipo za kusamba sindinazitchule. Ndinangoti, "Agogo, lamulo munanena tsiku lija ndi lotani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu chimene mwana aliyense amadziwa.

"Palibe amavula mpaka sitima italowa padoko."

Anandiuza kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asanakwane zaka makumi awiri, ankagwira ntchito pa sitima yankhondo. Ntchito yawo inali yoperekeza sitima za katundu zopita ku Russia, zonyamula akasinja, ndege, mafuta ndi chakudya. Zinkayenda pamodzi zambirimbiri, kudutsa kumpoto kwa Norway, adani akuzisaka ndi ndege ndiponso sitima zoyenda pansi pa madzi. Mafunde akagwera m'sitima ankaundana pomwepo, ndipo anyamata ankawaswa ndi nyundo kuti sitima isalemere pamwamba n'kugubuduka. Ukagwira chitsulo wopanda magulovu, khungu linkatsalira. Bomba likamenya, panalibe nthawi yofufuza nsapato. Munthu akagwera m'madzi amenewo sankachedwa kufa, ndipo ngakhale m'bwato lopulumukira, wovala mopepuka sankafika kumtunda ali moyo. Iwo anaonapo anthu otero akuvuulidwa.

"Koma nkhondo inatha, agogo," ndinatero.

"Ndikudziwa, mwanawe, sindine chitsiru. Koma mphepo ikamaomba pazenera ili, zala zimakana kumasula mabatani."

Ndinafunsa kuti nanga paulendo wonsewo ankasamba bwanji. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Tonse tinkanunkha, ndiye palibe ankamumva mnzake. Koma thupi likayabwa kwambiri, unkatenga ndowa ya madzi otentha. Utulutse mkono umodzi, upukute, ubweze. Kenako winawo. Nsapato imodzi uvule, inayo ikhale kuphazi."

Amayi atabwera ndinawafotokozera zonse asanaike n'chikwama pansi. Poyamba anandikalipira kuti ndikufunsa akuluakulu zamwano. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kuseka.

"Basi? Ndakweretsa mkulu wa mpingo mabasi awiri chifukwa cha ndowa? Ife mu Juni ku famu tinkasamba choncho, kuopa chisanu."

Mawa lake anatsika ndi ndowa yatsopano ndi kansalu. M'bafa sanalowemo n'komwe. Anayatsa hita pabalaza n'kuika ndowa pafupi ndi mpando wa agogo. Ine ndinkawiritsa madzi m'ketulo kukhitchini, chitseko chili chotseka, koma ndinkamva. Agogo ndi amene ankalamula, mkono uti, phazi liti. Jekete inkalendewera paphewa limodzi pamene malaya am'kati akusinthidwa. Zina anachita okha, amayi atayang'ana kukhoma. Tsiku loyamba anangomaliza mikono ndi khosi. Zinatenga masiku anayi kuti thupi lonse lione madzi, kenako anayambiranso. Masokosi akalewo amayi anawamanga m'majumbo awiri asanawataye.

Mwana wawo anabwera kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ikwane, mapepala a nyumba ija ali m'manja. Anakumbatira bambo ake, ndipo anachedwa kuchotsa nkhope pakhosi pawo. Anayang'ana jekete, anayang'ana nsapato.

"Analowa m'bafa?"

Ine ndinkafunitsitsa amayi angoti inde. Koma amayi sanama.

"Ayi, sanalowe. Ndipo sindikuona kuti alowa kusanafunde."

Anandiuza kuti ndifotokoze ndine. Ndinafotokoza m'Chingerezi cha kusukulu za sitima ndi nyundo ndi mkono umodzi umodzi. Mayiyo anamvetsera ataimirira. Kenako anati bambo ake sanamuuzepo zimenezi, ankangonena kuti kunkhondo kunali kozizira.

"Sunafunse," anatero agogo.

"Uku si kusamba kwenikweni, bambo."

"Kununkha ndikununkha?"

Mayiyo anapinda mapepala aja n'kuwaika m'chikwama, nati nkhaniyi aidikiritsa mpaka Malichi, aone ngati khungu silichita zilonda. Amayi anavomera kuti aziyang'ana kumsana ndi kumapazi tsiku lililonse, ndipo akaona chachilendo amuimbira. Asanapite anapempha kuti amuonetse mmene zimachitikira, kuti akabwera kudzagona azitha yekha.

Zilonda sizinatuluke. Agogo anakhala m'nyumba yawo nyengo yozizira imeneyo ndi inanso yotsatira.