Bitiruti wa Bambo ndi Mjigo wa Mchere

Ndikukumbukira dimba la bambo anga ku Chikwawa, chaka chimene alangizi anabweretsa mbewu ya bitiruti, ati wopangira shuga. Anachenjeza kuti wolephera kukolola alandidwa malo m'sikimu. Kuthirira inali ntchito yanga ndi achemwali anga, a Esinati: iwo m'mamawa sukulu isanayambe, ine ndikaweruka.

Mtsinje unali kutali, mchenga ukuwotcha mapazi. Pafupi ndi dimba panali mjigo umene anthu anausiya chifukwa madzi ake anali amchere, sopo osachita n'komwe thovu. Ine ndi ulesi wanga ndinati mbewu ilibe lilime. Ndinkatunga pomwepo, n'kunyowetsa diresi m'munsi kuti aziti ndachokera kumtsinje.

Masamba sanandiulule, anabiriwira ndithu. Dothi lokha linkayera ngati lawazidwa ufa, ine n'kumafufuta ndi phazi.

Tsiku lozula, bambo anakoka tsinde loyamba. Kunatuluka kamuzu kangati chala, kouma gwa, nsonga zitapsa. Lachiwiri chimodzimodzi. Anatapa dothi nalinyambita.

"Esinati, wamkulu ndiwe. Madzi mumatunga kuti?"

A Esinati anandiyang'ana kamodzi, n'kuusenza okha mlanduwo. Ine sindinaulule. Malo aja anatilanda. Achemwali sukulu inathera pomwepo, anawatumiza ku Blantyre kukalera ana a eni. Ine ndinaphunzira mpaka kumaliza sekondale.

Nthawi ya Korona inandipeza ndikugwira ntchito m'nyumba ku Fereej Al Murra, kuno ku Doha. Ankati malamulo asintha, munthu utha kusintha abwana, koma ine ngakhale pageti sindinkatuluka. Madamu a panyumbapo anayamba kadimba kuseri kwa nyumba. Dothi litayamba kuyera, ndinawauza kuti ndi mchere, mizu ikufa.

"Khalas, basi," anatero. "Masamba ali bwinobwino. Thirira."

Ndinathirira, mtima ukuwawa.

Kumudzi zinthu zinasintha. M'sikimu muja anaikamo mapaipi ndi mapampu a sola, palibenso mtsikana wosenza ndowa kuchokera kumtsinje. Koma sukulu ya a Esinati palibe anaibweza. Lero amagulitsa tomato ku Ndirande, ndiponso akundilerera mwana. Tikamayankhulana pafoni ya vidiyo amandiyang'anitsitsa n'kuseka: "Wanenepatu mng'ono wanga, Doha wakuyanja!"

Ndimaseka nawo. Za mjigo sindinawapepesebe. Chimandipweteka n'chakuti akudziwa, ndipo zaka zonsezi sanandifunsepo.