Ndinazimitsa Seva Poopa Mphezi

Inu owerenga, ndine ndinachotsetsa ntchito asisi anga, ndipo ndinatero ndikuganiza kuti ndikuwathandiza. Mpaka lero kunja kukamagunda mtima wanga sukhala m'malo.

Zinachitika pa holide ya Khirisimasi ndili Fomu 3. Ndinachoka kwathu ku Kapondo kukakhala ndi asisi, omwe ankagwira ntchito pa kampani ina yokonza mapepala a mathiraki a katundu pa boda ya Mchinji. Mu ofesi mwawo munali kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Zonse za mathiraki a makasitomala awo zinkasungidwa m'menemo, ndipo sinkazimitsidwa ngakhale Lamulungu.

Sevayo inali ndi madisiki awiri osunga zinthu zofanana, kuti ina ikafa inzake ipitirize ntchito. Sabata imeneyo disiki imodzi inayamba kuyatsa kagetsi kofiira. Katswiri wa ku Lilongwe anatumiza yatsopano pa minibasi, n'kumawauza asisi zochita pa foni. Ine ndinkaonerera. Anasolola yodwalayo seva ili chiyakire, n'kulowetsa yatsopano ngati akutseka dirowa. Akalaliki a m'chipinda china anapitiriza kutaipa osadziwa n'komwe. Ndinawanyadira asisi tsiku limenelo.

Anandifotokozera kuti disiki yakale yotsalayo tsopano ikukopera zonse ku yatsopano, ndipo zitenga masana onse. Kenako bwana anawatuma kukapereka mapepala kwa madalaivala kugeti.

"Mwana iwe, khala pompano uzingoyang'ana. Manja m'thumba, wamva?"

"Ndamva, asisi."

Posakhalitsa kunja kunada, mabingu n'kuyamba cha kumapiri. Kusukulu kwathu mphezi inaotchapo wailesi yakanema ya m'holo, ndipo kuyambira pamenepo amatironi anatikhomereza lamulo lakuti kukangogunda tizizula chilichonse pa soketi. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinasuzumira pawindo, asisi osaoneka. Ndinaganiza zokafunsa akalaliki aja, koma ndinachita manyazi kusokoneza akuluakulu pa ntchito. Kutang'anima, ndinazula pulagi ya seva. Seva sinazime chifukwa pansi pake panali bokosi la batire, koma bokosilo linayamba kulira. Ndi mantha ndinadina batani lake kuti likhale chete. Zonse zinangoti zii.

Akalaliki anayamba kukuwa kuti makompyuta aima. Asisi analowa akuthamanga, atanyoweratu. Anaona pulagi m'manja mwanga, n'kuibwezera pa soketi. Anayatsanso seva. Disiki yatsopano inayaka, kungoti inali isanamalize kulandira zinthu. Yakale ija inkangoti tiki tiki, osadzuka. Katswiri uja anati pa foni disiki yokalamba ikazimitsidwa mwadzidzidzi ili pakati pa ntchito, nthawi zina sidzukanso. Anatinso bokosi la batire lija ndi lomwe limateteza seva ku mphezi, moti ndikanangokhala pansi sipakanaoneka vuto.

Posowa mapepala, mathiraki anandanda mumsewu. Dalaivala wina wa ku Zambia anaima pakhomo akukalipa kuti, "Imwe amai, manje tizagona pano?" Pofika mawa lake makasitomala ambiri anali atasamukira ku kampani ina.

Bwana atafunsa amene anazimitsa seva, asisi anayankha msanga.

"Mlandu ndi wanga, bwana. Ndinasiya seva popanda munthu wodziwa."

Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndipo sindinatuluke kukaulula. Mwezi utatha asisi anawachotsa ntchito.

Panopa asisi amagulitsa mtedza pamsika wa pa Boma. Sanandikalipirepo, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandipweteka kwambiri. Tsiku lobwerera kusukulu anandiperekeza kokwerera minibasi n'kundikoka khutu akuseka.

"Ukamaliza Fomu 4 ukaphunzire makompyuta, udzandifotokozere bwino chimene unapha chija."

Ndikuwerenga mwakhama kuti ndidzatero.

Atsikana anzanga, lamulo la amatironi linali labwino, koma linali la wailesi ya m'holo, osati la makina aliwonse. Mukasiyiridwa chinthu chomwe simukuchidziwa, musachithandize ndi nzeru zakwanu. Mantha akakugwirani, tulukani mukaitane wamkulu, ngakhale akusekeni. Chipinda cha akalaliki chinali pafupi, chitseko chili chotsegula, koma manyazi anga anawasiya asisi atakhala padzuwa ndi lichero la mtedza.