Milomo Yonyezimira ya Atelala

Atelala anali munthu woseka ndi pakamwa ponse. Ankasokera pakhonde la sitolo, mapini ataluma pakona pa mlomo, ndipo ulusi sunkalowa m'singano asanaunyowetse ndi malovu. Kunyumba, akazi awo akangoyamba nkhani, iwo amakhala atafa kale ndi phwete. Banjalo linkayendera kusekako.

Ndiye m'makona a milomo yawo munang'ambika. Tizilonda take tosaoneka bwino n'komwe, koma ululu wake! Akayasamula, misozi. Akanyambita kuti mufewe, ming'alu imvekere kukula. Tsono munthu wa makina nzeru yake ndi imodzi: chilichonse chouma chimafuna oyilo. Anayamba kudzola oyilo wa makina osokera, mwakachetechete, poti bambo wamkulu sanganene kuti wadwala matenda a ana.

Taganizani zimene mayi ankaona. Mwamuna wasiya kuseka, akuyankha ndi mphuno, madzulo akubwera milomo ili phuliphuli. Mafuta amenewo akuwatenga pamlomo pa ndani? Mayi analira kuseri, zinawapweteka kwambiri, mpaka analongedza chikwama n'kuitana mkulu wawo, namwino, kuti adzawaperekeze.

"Mumutchule mkaziyo, ndizipita," anatero mayi ataima pabalaza.

"Mmm mmm," anayankha Atelala, manja ali m'mwamba.

"Mwamva, achemwali? Mwezi wonse ndi mmm mmm!"

Namwino uja anawagwira chibwano n'kuwatembenuzira kuwindo.

"Alamu, mumanyambita?"

"Mmm."

"Mapini mumasungabe pakamwa? Ndi malovutu awa. Akakhalitsa m'makonamu khungu limafewa n'kung'ambika, tizilombo n'kupeza malo. Nthawi zina kumakhalanso kuchepa magazi. Musiye kunyambita, mapini muwapezere kachitini, mupite kuchipatala akakupatseni mankhwala opaka. Masamba, nyemba ndi mazira musamakankhire ana. Nanga ichi mwapakachi n'chiyani?"

Atelala anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka oyilo, maso ali pansi.

Mayi anakanunkhiza kabotoloko, kenako anasendera n'kununkhiza milomo ya amuna awo. Anakhala pachikwama paja.

"Bambo a ana, ndiye ine ndaonda chonchi, kusala kudya, kulimbirana mwamuna ndi makina osokera?"

Mapewa a Atelala anayamba kugwedezeka.

"Musaseke, alamu, mung'ambanso!" anakuwa namwino.

Anayesetsa ndithu, bambo wachisoni. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, masaya anafufuma, misozi ili chuchuchu. Koma akazi awo anali pachikwama, nsapato zapaulendo zili kuphazi, ndipo Atelala anaona kuti milomo ndi yotchipa poyerekeza ndi banja. Anachotsa manja n'kuseka chikhakhali mpaka magazi kuyenderera pachibwano.

Mayi anadzuka, nawonso akulira ndi kuseka pamodzi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango.

"Asiyeni, achemwali, ang'ambike. Ndizipaka ndine mankhwalawo."