Kamluzu Kamene a Wailesi Sanakamve

Anthu a mumsewu umenewo amawatchula kuti a Wailesi, chifukwa kale ankakonza mawailesi. Ntchitoyo itazilala, sanakhale manja lende. Anagula kompyuta yakufa, n'kuiphwasula, n'kuilumikizanso kambirimbiri, mpaka anaidziwa m'mimba monse. Kashopu kawo kali pakati pa telala ndi malo ometera, ndipo mkatimo munthu sangatambasule mkono osagunda sipika yakale kapena mtolo wa mawaya.

Chimene anatchuka nacho ndi kubwezeretsa mawu. Kompyuta ikangoti zii, anthu ankati, "Pitani nayo kwa a Wailesi." Iwo sankathamangira kumasula. Ankayamba ndi zazing'ono: kodi waya walowa pabowo lake? Kodi ana sanatseke mawu posewera? Akatero ndiye ankaona dalaivala, kapulogalamu kothandiza kompyuta kumvana ndi khadi lake la mawu. "Ameneyu ndi womasulira," ankatero. "Akajomba, awiriwo amangoyang'anana."

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wina wophunzitsa kwaya, laputopu ili m'chikwama cha nsalu. Ankajambula oimba ake n'kumawamvetsera pofuna kudziwa amene akusokoneza.

"Ikuthetheka, bambo," anatero mayiwo. "Komanso muli kamluzu kosasiya."

A Wailesi anaika nyimbo, ndipo kuthethekako anakumva. Atafufuza anapeza kuti kompyutayo inadziikira yokha dalaivala watsopano wosagwirizana ndi khadilo. Anamuchotsa, n'kubwezeretsa wakale, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso. Nyimbo inatuluka yosalala.

"Basitu, mayi. Yachira."

Mayiwo anapendeketsa mutu. "Kuthetheka kwatha. Koma kamluzu kaja kakadalipo."

A Wailesi anayandikitsa khutu pa sipika. Sanamve kanthu. Mumtima anati awa ndi anthu aja osayamika, ofuna kupeza chifukwa paliponse. Kuti nkhani ithe, anaitana telala uja.

"Achimwene, tabwerani mumve. Muli mluzu umu?"

Telala anafika tepi ili m'khosi, ndipo sanalowe n'komwe. "Iii, kakulira ngati udzudzu. Inu simukukamva?"

A Wailesi anazimitsa nyimbo ija. Kenako anapempha mayiwo kuti asiye laputopuyo, adzabwere Lachinayi.

Tsikulo anaweruka dzuwa likadali pamwamba. Kunyumba anapeza akazi awo akuanula zovala.

"Mayi, tandiuzani zoona. Ine ndimamva bwino?"

Akazi awo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo, kuseka kunathera panjira. "Bambo, chaka chatha ndikukuuzani. Foni imalira m'thumba mwanu inu muli phee. Ndikayankhula mumati ndikutafuna mawu."

Kuchipatala anawaveka mahedifoni, n'kuwauza kuti akamva kulira azikweza dzanja. Kwa nthawi yaitali dzanjalo linangokhala pa bondo. Dokotala anawafotokozera kuti mawu okhuthala akuwamva, koma oonda aja anapita, ndipo sabwereranso. Ukalamba unachitapo mbali yake, kwinako ndi zaka zonse zogunditsa khutu pa masipika.

Masiku awiri sanatsegule shopu. Chimene chinkawapweteka kwambiri si khutu ayi. Ankaganizira anthu amene mwina anawabwezera makompyuta akuliza mluzu, iwo atawauza motsimikiza kuti yachira, eni akewo n'kungochoka mwaulemu osatsutsa munthu wamkulu. Ndi angati? Analibe njira yodziwira.

Lachinayi mayi wa kwaya anabwera. A Wailesi anawakokera mpando.

"Mayi, ndinakuganizirani zoipa, mundikhululukire. Kamluzuko kalipo, ine ndi amene sindikukamva. Ndibwerekeni makutu anu. Ine ndizigwira, inu muzindiuza."

Anayamba. Anasintha mahedifoni. "Kalipo." Anatsitsa mphamvu ya maikolofoni. "Kalipobe." Anayesa bowo lina. Mayiwo anapukusa mutu. Kenako a Wailesi anayang'ana waya wa tchaja, wokulungidwa ndi tepi yakuda pakati, n'kuuzula.

"Imani pomwepo!" anatero mayiwo. "Kasiya!"

Anaulowetsanso, kamluzu n'kubwerera. Vuto linali tchaja, yomwe inkalowetsa phokoso la magetsi m'khadi la mawu. A Wailesi anatenga ina pa alumali n'kuyesa, ndipo mayiwo anamvetsera nyimbo yonse maso ali otseka.

"Tsopano ndikumumva bwinobwino amene akundiwonongera kwaya," anatero. "Ndi mlamu wanga."

Kuyambira pamenepo, m'shopumo muli mpando wachiwiri. Aliyense wobweretsa kompyuta amakhala pompo n'kuvala mahedifoni, ndipo a Wailesi sanenanso kuti yachira mwini wake asananene. Ntchito imachedwa. Ena othamanga anasiya kubwera, ena amakonda kumene chifukwa amachoka atadziwa chimene chinavuta. Kachipangizo kothandiza kumva anagula, koma nthawi zambiri kamakhala m'thumba la malaya chifukwa amati kamawayabwa.

Kunyumba anaphunzira kuyang'ana akazi awo pakamwa akamayankhula. Akaziwo amauza anansi kuti pa zaka makumi atatu za ukwati sanayang'anidwepo chonchi, ndipo akafuna kung'ung'udza za bambowo, amangotembenukira kukhoma.